Kukonza Malo a Ukalipentala Pakhomo ndi Pasukulu

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, phunziro lathu lino likunena za nchito ya matabwa. Tiona m'mene munthu angakonzere malo ocepa a ukalipentala pakhomo pake kapena pasukulu, ndipo pambuyo pake tipanga kabenchi kamodzi, kuyambira pa kupima kufikira pa kupaka vanishi. Nkhaniyi si yamasewera ai. M'masukulu ambiri muli cipinda kapena ngodya kumene anaunjikako madesiki ogwedera ndi othyoka miyendo, pamene ana ena alikulemba atakhala pansi, buku lili pabondo. Ambiri a madesiki amenewo safuna thabwa latsopano. Afuna munthu wodziwa cimene cinawagwetsa, ndi malo oti awakonzerepo.

Tiyambe ndi funso. Ndi cifukwa ciani citseko ca matabwa cimene cimatsekeka bwino mu Okutobala cimayamba kukana mu Januwale, kufikira mucita kucikankha ndi phewa? Palibe munthu amene wacisuntha. Yankho ndi lakuti thabwa limamwa cinyezi ca mumpweya ndi kucitayanso, ngakhale patapita zaka makumi ambiri mtengo wake utadulidwa. M'dzinja limafufuma, m'cilimwe limabwerera. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti zambiri zimene tikambe, kaya za denga, za zenera kapena za misomali, zatsamira pa iyo.

Mtengo wongodulidwa kumene uli ndi madzi ambiri, ndipo m'mitengo ina, monga paini, madziwo amafika theka la kulemera kwa cipika conse. Thabwa lopangira mipando ya m'nyumba liyenera kutsala ndi madzi ocepa, pafupifupi magawo 12 pa 100. Pamene madzi akucoka thabwa limacepa, koma silicepa mofanana mbali zonse. M'litali kusinthako ndi kocepa zedi, kosaoneka ndi maso. M'lifupi ndimo muli nkhani, pakuti thabwa laliwisi la paini la masentimita 20 likhoza kutaya theka la sentimita, kapena kuposerapo, pofika pouma. Taganizani tsono za mmisiri amene wakhoma tebulo ndi matabwa anai aawisi, ogundana bwinobwino. Pakutha kwa miyezi itatu pakati pa matabwawo padzatseguka mipata yolowa pensulo, ndipo thabwa limene misomali inaligwira zolimba mbali zonse ziwiri lidzang'ambika pakati, popeza lifuna kucepa koma lamangidwa.

Yang'ananinso kumapeto kwa thabwa la paini. Mudzaona mizere yokhota ngati uta, yosonyeza m'mene mtengo unakulira caka ndi caka. Pouma, mizere imeneyi imayesa kuwongoka, ndipo thabwa limapindika ngati mbale, dzenje lake kuyang'ana kumbali kumene kunali khungwa. Mmisiri wanzeru amadziwiratu kumene thabwa lidzapindikire asanalikhome.

Matabwa ake ndi ati?

Dziko lathu lili ndi mitengo ya matabwa imene maiko ena amaisirira. Mlombwa, umene ogulitsa matabwa amauchula kuti mukwa, ndiwo mfumu ya mipando, cifukwa sucepa kwambiri pouma, umapalika bwino, ndipo mtima wake wofiirira ciswe sicimaukonda. Koma mbali yoyera ya kunja, yoyandikana ndi khungwa, imafumbwa msanga, cotero musalipire mtengo wa mlombwa pa thabwa limene theka lake ndi loyera. Mbawa nayo ndi yabwino pa zitseko ndi makabati. Mukusi wa kumadzulo kwa dziko lino ndi wolimba ndi wolemera kwambiri. Kampani ya Zambezi Sawmills, imene inayamba mu 1916, inamanga njanji ya makilomita oposa 160 kucokera ku Livingstone kupita ku Mulobezi kaamba ka mtengo umenewu, ndipo matabwa ake anayalidwa pansi pa njanji ndi pansi pa nyumba zambiri za kuno ndi za kunja. Mukusi si mtengo wophunzirira ana, pakuti umabunthitsa zida m'kanthawi kocepa.

Wophunzira ayambe ndi paini. Ndi wofewa, ndi wochipa poyerekeza ndi enawo, ndipo ndi wocita kubzalidwa, makamaka m'minda ya mitengo ya ZAFFICO ku Copperbelt. Paini amakhwima kufika pocekedwa matabwa pa zaka zoposa 20, pamene mlombwa umafuna moyo wonse wa munthu kapena kuposerapo. Ici ndico cifukwa cake lamulo la za nkhalango la 2015 limafuna kuti wodula ndi wonyamula matabwa a malonda akhale ndi cilolezo ca ofesi ya za nkhalango. Mukula, umene unadulidwa mosasamala kuti ugulitsidwe kunja, unalembedwa mu 2019 pa mndandanda wa pangano la maiko la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo zimene zingathe kutha, ndipo mu 2022 mlombwa ndi mbawa zinalowanso pa mndandanda womwewo. Sukulu igule matabwa kwa ogulitsa odziwika, ndipo isunge risiti.

Pamsika wa matabwa, monga wa Buseko ku Lusaka, mudzamva ogulitsa akali kuwerenga mainchi, ngakhale kusukulu timaphunzitsa mamita. Inchi imodzi ndi mamilimita 25 ndi pang'ono. Akanena kuti "thu bai fo" akunena thabwa la mamilimita 50 kucindikala ndi 100 m'lifupi. Nyamulani tepi yanu ndi kupima nokha. Ikani diso kumapeto kwa thabwa ndi kuyang'ana m'litali mwake monga mlenje ayang'ana muvi, kuti muone ngati lapotoka. Thabwa lozizira m'manja ndi lolemera kuposa anzake ndi laliwisi.

Matabwa a mabokosi akale ndi a mapaleti onyamulira katundu ali ndi nchito, koma werengani cidindo cake. Zilembo HT zitanthauza kuti anawatenthetsa cabe kuti aphe tizilombo, pamene MB zitanthauza kuti anawafukiza ndi mankhwala aululu, ndipo amenewa alekeni. Mitengo yobiriwirako kapena yakuda yonunkha phula, yonga ya mawaya a magetsi ndi ya mipanda, inamwetsedwa mankhwala oopsa. Musasemepo mthiko kapena cipande, ndipo zidutswa zake zisapite pamoto wophikira.

Kuumika matabwa

Malo oyamba kuwaganizira pokonza nyumba ya ukalipentala ndi pamene padzagone matabwa. Sankhani pamthunzi popita mphepo. Ikani njerwa m'mizere itatu kapena inai, zokwera masentimita 30 kapena 40 kucokera pansi, ndi kuona kuti zalingana msinkhu, pakuti thabwa loumira pa maziko opendekeka limauma lopendekeka. Gonekani matabwa, kusiya mpata wa zala ziwiri pakati pao. Pamwamba pao pingasani timitengo touma tofanana kukula, ta mamilimita 20 kapena 25, motalikirana theka la mita, kenaka mzere wina wa matabwa. Kamtengo kalikonse kakhale pamwamba penipeni pa kanzake ka pansi, kuti kulemera kutsike molunjika kufikira panjerwa. Pamwamba pa mulu wonse ikani lata ndi miyala.

Kumapeto kwa thabwa kumataya madzi msanga kuposa pakati, ndipo ndiko kumayambira ming'alu. Pakaniko penti wotsala. Musayanike matabwa padzuwa la Okutobala poganiza kuti mufulumiza nchito, pakuti kunja kudzauma mkati mukali madzi, ndipo thabwa lidzasweka. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Paini wa mamilimita 25 amauma m'miyezi yowerengeka ya nyengo yopanda mvula, koma mitengo yolimba imatenga nthawi yaitali, nthawi zina caka cathunthu.

Nanga tidziwa bwanji kuti lauma? Pano aphunzitsi muli ndi phunziro la sayansi ndi masamu losafuna ndalama. Sankhani thabwa limodzi lalifupi m'mulumo, lilembeni cizindikiro, ndipo Lacisanu lililonse ana alipime pasikelo ndi kulemba kulemera kwake pabolodi. Masabata oyamba nambala idzatsika msanga, kenaka pang'onopang'ono. Ikakhala yosasintha kwa masabata atatu otsatizana, nyengo isanasinthe, thabwalo lalingana ndi mpweya wa kwanuko, ndipo lafika poti nkuligwiritsa nchito.

Cipinda ndi benchi

Cipinda ca mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali cikwanira munthu mmodzi kapena ana anai ndi mphunzitsi wao. Cisakasa ca malata kapena khonde la kuseri kwa nyumba nazonso zikhoza, malinga denga lisadonthe ndipo madzi a mvula asayende pansi pake. Cikhale kutali ndi khichini ndi mbaula, cifukwa utuci ndi zopala za pulena zimagwira moto mofulumira.

Khomo likhale lalikulu ndi lolunjikana ndi benchi. Matabwa ambiri amagulitsidwa aatali mamita atatu kapena kuposa, ndipo m'cipinda cocepa mudzafuna kuti mbali ina ya thabwa iturukire pakhomo pamene muliceka. Benchi ikhale pansi pa zenera kuti mzere wa pensulo uoneke. Zenera loyang'ana kumadzulo ine sindilikonda, pakuti dzuwa la masana limalowa molunjika, kutopetsa maso ndi kuumitsa mbali imodzi ya thabwa limene mwasiya pabenchi. Loyang'ana kumwera limapereka kuwala kofatsa miyezi yambiri ya caka, popeza ife tili kumwera kwa Ikweta ndipo dzuwa limakhalitsa cakumpoto kwathu.

Benchi ndiyo cida cacikulu koposa zonse, ngakhale anthu ambiri saiwerengera pa zida. Tebulo logwedera limadya mphamvu ya mkono, limakhotetsa sowo, ndipo ndilo limabweretsa mabala. Pamwamba pake pakhale matabwa ocindikala mamilimita 40 kapena 50, m'litali mita imodzi ndi theka, m'lifupi masentimita 60. Miyendo ikhale yaikulu, yomangidwa ndi thabwa lopingasa kucokera ngodya ya pamwamba kupita ngodya ya pansi kumbuyo kwake. Msinkhu wake upezeni motere: imirirani mowongoka, manja ali cigwere, ndipo pimani kucokera pansi kufikira polumikizana dzanja ndi mkono. Kwa wamkulu pamakhala masentimita 80 kapena 85, kwa mwana wa Giredi 6 pafupifupi 65 kapena 70. Ngati benchi ndi imodzi, ipangeni ya msinkhu wa wamkulu, ndipo ana aziima pa cithabwa cacikulu cosaterera.

Vaisi yogwirira thabwa ndi yodula, koma kusowa kwake kusakuletseni kuyamba. Khomani kathabwa kopyapyala kumapeto kwa benchi kuti thabwa lizitsamirapo pamene mulipala. Pofuna kupala m'mbali mwa thabwa, khomani timatabwa tiwiri toyandikana kutsogolo ndi kutalikirana kumbuyo, monga cilembo ca V, ndipo thabwa lidzadzipanikiza lokha mukamalikankha.

Za zida sindicurukitsa mau. Sowo, pulena, nyundo, sikweya, tepi, cobowolera ca pamanja, machizulo awiri osemera ndi kubowolera, mwala wonolera, ndi nyundo ya mtengo yomenyera chizulo, imene mungapange nokha: zimenezi zikwanira. Makina a magetsi si a ana a pulaimale, ndipo amene anaona kuzimazima kwa magetsi mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, adziwa ubwino wa zida zosadikira magetsi. Pacikani zida pa thabwa la pakhoma, ndipo jambulani cithunzi ca cida ciliconse ndi penti pamalo pake, kuti pakutha kwa phunziro mphunzitsi aone ndi diso limodzi cimene casowa. M'dzinja pukutani zitsulo ndi kansalu ka mafuta pang'ono kuti zisacite dzimbiri.

Cida cobuntha ndico coopsa, cifukwa cimafuna mphamvu yambiri ndipo cimaterereka. Lamulo la chizulo ndi limodzi, ana inu: manja onse awiri akhale kumbuyo kwa msonga yake, ndipo thabwa ligwidwe ndi benchi, osati ndi bondo. Msomali uliwonse wogwa utoledwe nthawi yomweyo, ndipo wobayidwa ndi msomali apite kucipatala kaamba ka matenda a kafumbata.

Kabenchi ka matabwa asanu

Tsopano tipange cinthu. Kabenchi aka kali ndi zidutswa zisanu: capamwamba cokhalapo, miyendo iwiri, ndi timatabwa tiwiri tam'mbali tomangira miyendo. Zonse zituruka m'thabwa limodzi louma la paini, la mamilimita 225 m'lifupi ndi 25 kucindikala, limene likapalidwa limatsala pafupifupi 20.

Ana awerengere okha utali wa thabwa logula. Capamwamba ndi mamilimita 600. Mwendo uliwonse ndi 300. Cidutswa cina ca 560 tidzaciceka m'litali kuti cipereke timatabwa tiwiri ta 75 m'lifupi. Zonse pamodzi ndi 1,760. Mwana wofulumira adzati thabwa la mamita 1.8 likwanira. Mufunseni za ming'alu ya kumapeto, kumene tiyenera kutayako mamilimita 50 uku ndi uku, ndi za sowo, imene imadya pafupifupi mamilimita 2 pa kuceka kulikonse ndi kuwasandutsa utuci. Adzaona yekha kuti tifuna mamita 2.

Musanalembe mzere, yesani sikweya yanu, pakuti ina imagulitsidwa yokhota. Itsamizeni m'mbali mowongoka mwa thabwa ndi kulemba mzere, kenaka itembenuzeni ndi kulembanso pamalo pomwepo. Mizere iwiriyo ikagona pamodzi, sikweya ili bwino. Popanda sikweya, kumbukirani manambala 3, 4 ndi 5: mbali imodzi ikakhala masentimita 30, ina 40, ndipo mzere wolumikiza nsonga zao ukakhala 50, ngodya ya pakati ndi yoongoka ndithu. Amisiri omanga nyumba amapima maziko mwa njira yomweyi.

Cekani kunja kwa mzere, kumbali ya cotaya, kuti mzere wa pensulo utsale pa cidutswa cimene mufuna. Yambani ndi kukoka sowo cakumbuyo kawiri kapena katatu kuti ipeze njira, ndipo musaikanikize. Kulemera kwake kukwanira. Pofika kumapeto gwirani cidutswa cakugwa, cingang'ambe ngodya.

Miyendo iwiri muigwirire nchito pamodzi, mutaisanjikiza, kuti ifanane. Pa ngodya ziwiri za pamwamba za mwendo uliwonse cotsani kacidutswa ka mamilimita 75 kutsika ndi 20 kulowa mkati, kuti kathabwa kam'mbali kakhale m'menemo monga munthu akhala pampando. Apa ndipo pagona mphamvu ya kabenchi konse. Miyendo yongokhomeredwa ku thabwa la pamwamba imayamba kugwedera msanga, cifukwa msomali wolowa kumapeto kwa thabwa sugwira zolimba. Koma kathabwa kam'mbali kakalowa m'malo mwake mothina, mtengo umatsamira mtengo unzake, ndipo misomali imangothandizira. Mukapita kukaona madesiki aja a pangodya, mudzapeza kuti ambiri anayamba kugwa pamene comangira cotere cinamasuka.

Kumunsi kwa mwendo cekani cilembo ca V cozondoka, kusiya mamilimita 60 mbali iyi ndi iyo, nsonga yake itakwera 80. Motero mwendo umodzi ukhala ndi mapazi awiri, ndipo kabenchi kadzaima bwino pansi posasalala. Bowolani kabowo pansonga ya V musanaceke, kuti mng'alu usayambire pamenepo.

Pomanga, pakani guluu woyera wa matabwa m'malo mwa timatabwa tam'mbali, ndi kukhoma misomali ya mamilimita 50, iwiri pamalo alionse, mwendo uli mamilimita 60 kucokera kumapeto. Msomali wa pafupi ndi mapeto a thabwa uyambe wamenyedwa pang'ono kunsonga kuti ubunthe, pakuti wosongoka umalowa ngati mphero ndi kung'amba thabwa, pamene wobuntha umadula njira yake. Guluu asanaume, pimani mopingasa kucokera ngodya ina kufikira yoyang'anana nayo, kenaka ziwiri zinazo. Miyeso iwiriyo ikasiyana, kankhani pang'ono ngodya ya mbali yaitali kufikira ilingane.

Tsono thabwa la pamwamba. Yang'anani mizere ija ya kumapeto, ndipo liikeni kuti mbali ya kumtima wa mtengo iyang'ane kumwamba, mizere ioneke ngati mbale yolandira cakudya. Likadzapindika, m'mbali mwake mudzatsikira pansi ndi kukanikiza timatabwa tam'mbali, m'malo motukuka ndi kukola zovala. Likhomereni ku timatabwa tam'mbali ndi ku miyendo, misomali yoyandikana itapendekera uku ndi uku kuti isazuke. Onaninso nzeru imene ili m'kapangidwe aka. Mitsempha ya miyendo yaimirira, cotero m'lifupi mwa mwendo mwagona mbali imodzi ndi m'lifupi mwa thabwa la pamwamba. M'dzinja zonse zifufumira pamodzi, m'cilimwe zibwerera pamodzi, ndipo palibe cimene cikoka cinzake.

Lisiyeni usiku wonse kuti guluu agwire. M'mawa kwecani ndi sandipepa motsata mitsempha ya thabwa, osati mopingasa, ndipo bunthitsani ngodya zonse zakuthwa. Nchito imeneyi icitikire panja kapena pafupi ndi zenera, mphuno zitaphimbidwa, cifukwa fumbi la matabwa limapweteka cifuwa. Pakani vanishi kawiri, pamwamba ndi pansi pomwe, pakuti thabwa lopakidwa mbali imodzi limamwa cinyezi mosalingana ndipo limapindika. Kumapazi pakani katatu, popeza ndiko kumakumana ndi madzi okolopera. Tinsalu topakira mafuta a matabwa tisaunjikidwe pamodzi, cifukwa tina timatentha tokha mpaka kuyaka. Tiyanikeni panja titatambasulidwa.

Kabenchi kakatha, aphunzitsi lembani mizere iwiri yopyapyala ya pensulo kunsi kwa thabwa la pamwamba, umodzi pafupi ndi mbali iyi, wina pafupi ndi mbali inayo. Ana apime mpata wa pakati pa mizereyo ndi lula ya mamilimita mu Okutobala, alembe nambalayo m'buku, ndipo adzapimenso mu Febuluwale mvula ili pakati.